Mgodi ukatsekedwa, pamerenji? Za ku South Africa, Zambia ndi kuno kwathu

Kampani ikamapempha chiphaso cha mgodi imalonjeza kuti ikadzatha kukumba idzakwirira maenje ndi kubzala mitengo. Lonjezoli mumalimva ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Pretoria komwe. Kusiyana kumabwera mukafunsa kuti dothi lobwezedwalo lidzakhala lakuya bwanji, ndipo ndani wasunga ndalama yake.

Pa funso loyambalo a ku South Africa anatitsogolera. Malangizo a Chamber of Mines (dzina lakale la bungwe la eni migodi kumeneko), omwe migodi ya malasha ya ku Mpumalanga imatsatira, amagawa malo obwezedwa potengera zomwe angagwiritsidwe ntchito. Ngati padzalimidwe, dothi labwino liyenera kufika masentimita 60. Ngati n'podyetsera ziweto, masentimita 25 akwanira. Ndiye kuti mlimi angathe kupita ndi khasu, kukumba, n'kuona yekha ngati anamupusitsa. Dothi lapamwamba amalipala mgodi usanayambe, kuliunjika padera, osalisakaniza ndi lapansi. Akalibweza amathira laimu ndi feteleza, kenako amafesa udzu wosakaniza: wina wa chaka chimodzi monga teff kuti ugwire nthaka msanga, wina wokhalitsa monga Rhodes ndi kapinga.

Komabe sikuti zimatheka mosavuta. Magalimoto olemera akamayenda pa dothi lobwezedwalo, makamaka likanyowa, limalimba ngati msewu. Udzu umamera ndithu, malo n'kuoneka obiriwira pa chithunzi, koma mizu ya chimanga imakafika pena n'kupinda, madzi a mvula n'kumangoyenderera pamwamba. Nalonso dothi lounjikidwa likakhalitsa limafa, tizilombo ta m'nthaka ndi njere za zomera zimatha. Ku Richards Bay, komwe amakumba mchenga wa m'mbali mwa nyanja kuchokera m'ma 1970, amachita changu: dothi lochotsedwa kutsogolo kwa mgodi amakaliyala kumbuyo komwe atha kukumba, ndipo mitengo ya mthethe imamera yokha kuchokera ku njere zomwe zili m'dothimo.

Dziko lomwelo, ngakhale lili ndi lamulo la 2002 loti mgodi sutsekedwa popanda satifiketi ya boma, lili ndi migodi yosiyidwa pafupifupi 6,000 yopanda mwini.

Zambia inayambira ku ndalama. Chiyambire 1998 kuli thumba la Environmental Protection Fund, momwe makampani amasonkhamo ngati chikole, kuti akathawa boma lipeze pogwira. Ganizo n'labwino, koma thumbalo linabwera tauni ya Kabwe itawonongeka kale. Mgodi wa mtovu ndi zinki kumeneko unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 n'kutsekedwa mu 1994, ndipo mpaka lero fumbi la mtovu lili m'mabwalo a nyumba za ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, ana n'kumadwala nalo. Mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera malo oterewa. Apa pali phunziro lomwe kuno sitilikamba: pa nthaka ya poizoni, kumera kwa mbewu si umboni woti zinthu zili bwino. Masamba angathe kubiriwira bwinobwino ali ndi mtovu. Pamalo otero pamafunika kuphimba ndi dothi loyera ndi udzu wogwira fumbi, osati dimba.

Kwathu kuno lamulo la migodi la 1981 linakhala mpaka 2019, ndipo lina linabwera mu 2023. Za chilengedwe zili m'manja mwa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe. Zomwe zinachitika lamulo lakale lili pampando anthu a ku Mwabulambo, ku Karonga, amazidziwa: mgodi wa malasha unatsekedwa mu 2015, maenje n'kutsala pululu pafupi ndi midzi. Ku Kayelekera zinali zosiyanako, chifukwa kunaikidwa chikole cha madola 10 miliyoni. Kaya n'chokwanira pa mgodi wa yureniyamu, ine ndikukayika.

Chomwe chandikopa n'cha ku Kasiya, m'boma la Lilongwe. Mu 2024 kampani ya migodi ya Sovereign Metals inakumba dzenje loyesera lakuya mamita 20, n'kulikwirira, kuthira laimu, makala operapera ndi feteleza, kenako kubzala chimanga pamodzi ndi nsungwi. Kampaniyo inalengeza kuti panatuluka matani oposa 5 pa hekitala. Chiwerengerochi n'cha eni ake, pa malo aang'ono osamalidwa bwino, ndipo funso lenileni ndi loti chimanga chidzabereka bwanji chaka chachisanu kampani itasiya kugula feteleza. Koma muyeso anasankha wolondola. Ku Mpumalanga munthu angakhutire ndi msipu wa ng'ombe. Ku Lilongwe malo okumbidwawo ndi munda wa banja, ndipo kubzalapo bulugamu m'mizere nduna ikubwera si kubweza munda.

Ndikanakhala wolemba chiphaso, ndikanatenga masentimita a ku South Africa ndi chikole cha ku Zambia, koma chikolecho osachibweza mpaka alimi a pamalopo atakolola nyengo zingapo, ndipo dothi ndi mbewu zitayezedwa ku malo a boma ofufuzira za ulimi ku Chitedze, osati ku labotale yosankhidwa ndi kampani.