"Ndine Moto" Si Chiphaso Chotukwanira Anthu

Abale anga, izi zandinyansa. Mtsikana wophunzira bwinobwino watukwana azakhali ake pamsonkhano wa komiti ya ukwati, pamaso pa anthu, nkhani yake ya ndalama ya mpunga. Amayi ena atamutengera pambali kuti akapepese, iye akuti: "Ine ndine Aries, ndine moto. Ndinabadwa choncho, mungondizolowera." Tikuzolowere? Mwano ndi mwano basi, ngakhale uupatse dzina la nyenyezi. Ena akuti ndi TikTok, ena akuti makolo analekerera, zimenezo n'zina. Ine ndikukana kuti munthu azitentha anzake n'kumati ndi chibadwa.

Okhulupirira za nyenyezi amati nthawi ya chaka imene munthu anabadwa imamupatsa chizindikiro, monga Aries, ndipo chizindikiro chilichonse ndi cha moto, madzi, mpweya kapena dothi. Poti mwazikonda zimenezi, tiyeni tizilondole kumene zinachokera. Chiphunzitso chakuti zinthu zonse zinapangidwa ndi dothi, madzi, mpweya ndi moto ndi cha Agiriki akale. Empedocles wa ku Akragas, pa chilumba cha Sicily, anachiphunzitsa zaka zoposa 2,400 zapitazo, ndipo mfundo yake inali yakuti mnofu, magazi ndi mafupa zimapangika zinthuzi zikasakanikirana pa muyezo wake. Aristotle anadzawonjezera kuti moto ndi wotentha ndi wouma, mpweya ndi wotentha ndi wonyowa, madzi ndi ozizira ndi onyowa, dothi ndi lozizira ndi louma. Asing'anga awo, makamaka Galen, ankagwirizanitsa moto ndi ndulu yachikasu, ndipo munthu wosachedwa kupsa mtima ankati ndulu yamuchulukira. Mwamva? Yamuchulukira! Ankamupatsa zakudya zoziziritsa thupi kuti abwerere m'malo. Eni ake nzeruzi, moto ukapitirira mwa munthu ankauona ngati vuto lofunika kulichiza. Inu mwatola theka la chiphunzitso, theka lokukomerani, lina mwataya.

Amene akufuna kudziwa tanthauzo la zinthu zinayizi asavutike ndi foni, akakhale tsiku limodzi ndi mayi woumba mbiya.

Ntchito imayamba ndi dongo la kudambo kapena m'mbali mwa mtsinje. Amalinyika, n'kuchotsamo mizu ndi timiyala tonse, chifukwa kamwala kamodzi kotsalira kamang'amba khoma la mbiya pamoto. Dongo likakhala lonona kwambiri amathiramo mapale akale osinja kapena mchenga pang'ono, apo ayi limafinyika kwambiri pouma n'kuchita ming'alu. Akapitiriza mchenga, mbiya imanyenyeka. Madzi nawo ali ndi malire ake: akachuluka, khoma limagwa lisanafike m'khosi, akachepa, zigawo za dongo sizilumikizana, ndipo mbiya imadzasweka motsata mzere womwewo umene sunagwirane. Akamaliza kuumba amasalaza ndi chisononkho, ndipo ikayamba kulimba amaikulungiza ndi kamwala kosalala.

Tsono pamabwera mpweya, ndipo apa ndi pamene osapirira amagwera. Mbiya yaiwisi siyanikidwa padzuwa kapena pamphepo yamphamvu. Imauma pamthunzi, m'nyumba, sabata imodzi kapena awiri malinga ndi kukula kwake ndi nyengo. Ukaifulumiza, kukamwa kumauma pansi pakadali ponyowa, ndiye mng'alu ndi womwewo.

Moto umabwera pomalizira. Pomalizira, abale! Ndipo ngakhale pamenepo sangoukoleza ngati wamisala. Mbiya amayamba aiwotha kaye pafupi ndi moto wochepa, chifukwa madzi otsalira mkati mwa dongo akafika madigiri 100 amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ikasowa potulukira mbiya imaphulika n'kuswanso zinzake zoyandikana nayo. Akatero amaiunjikira makungwa, nkhuni zouma ndi udzu, nthawi imene mphepo yadekha, m'mamawa kapena madzulo, kuti mbali imodzi isapse inzake ikadali yozizira. Moto wotere umafika madigiri 600 mpaka 900, ndipo ndi pamenepo pamene dongo limasinthiratu, losasungunukanso m'madzi. Pamene mpweya unafika bwino mbiya imafiira, pamene panatsamira chikuni pamada. Ikazizira amaigogoda ndi chala. Yakupsa bwino imalira mokoma, ya mng'alu imangoti phwa.

Ndiuzeni tsopano, pa ntchito yonseyi ndi pati pamene moto wagwira wokha? Palibe. Moto wofika nthawi yake isanakwane umaphwanya ntchito ya masabata awiri pa mphindi imodzi. Woumba amalemekeza moto chifukwa amauweta. Munthu wonena kuti "ndine moto" ndiye ayenera kudziweta kuposa wina aliyense, chifukwa akudziwa yekha chimene wanyamula. Ngati ulidi moto, phikira anthu, unikira anthu, funditsa ozizidwa. Kukalipira mayi wa msinkhu wa amayi ako pagulu si mphamvu, si kulimba mtima, si "kunena chilungamo". Ndi kulephera kudzigwira, ndipo ndi zochititsa manyazi. Madzi akatayika sawoleka. Mawu aja anatuluka, azakhali aja anawamva, ndipo adzawakumbukira ukwati utatha kalekale.

Makolo athu sanadikire Agiriki kuti awauze zimenezi. Nthano ya Achewa ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo ankakhala mwamtendere. Tsiku lina munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri, tchire lonse n'kuyaka. Galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, njovu ndi mkango zinathawira kutchire zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mvula inasonkhanitsa, moto wosasamalidwa unabalalitsa mudzi wonse. Agogo ankasimba nthanoyi ali pamoto pomwepo, akuwotha, ana akuona okha kuti moto wabwino ndi wokhala pakati pa mafuwa.

Ndipo musaganize kuti ndikunena za "amoto" okha. Wina akuti ndi madzi, ndiye aziliralira n'kumanyanyala osayankhula sabata yathunthu. Wina akuti ndi mpweya, ndiye asamasunge lonjezo. Wina akuti ndi dothi, ndiye makani ake tizingowapirira. Bodza lake ndi limodzi. Mwezi umene munabadwa sunakulandeni mphamvu yonena kuti "pepani". Mukufuna kudzitcha moto kapena madzi kuti mudzimvetse bwino, palibe choletsa, komano chizindikirocho chikuonetseni pamene mukufunika kukonza, osati pobisalira.

Pajatu moto weniweniwo tikuuchitanso chimodzimodzi. Ikangofika Ogasiti mpaka Okutobala, mapiri onse utsi okhaokha. Munthu akufuna mbewa zosadzaza ndi mbale yomwe, watentha tchire lonse, udzu wofolerera nyumba za anthu wapita, timitengo tophukira tapserera, nthawi zina mpaka nkhokwe ya mnzake. Wina akusonkhanitsa mapesi m'munda n'kuyatsa, mapesi amene akanaphimba nthaka, kusunga chinyontho ndi kuwolerana kukhala manyowa. Mvula yoyamba ikagwa imapeza dothi lili lamaliseche, imalikokolola n'kukalitaya mumtsinje, kenako munthu yemweyo akudandaula kuti feteleza wakwera mtengo. Ukamufunsa amene wayatsa, akuti moto wangothawa. Wathawa bwanji, machesi anali m'manja mwa ndani?