Chenjezo kwa inu oweruza anthu ndi dzina lokha

Ana inu a pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, tamverani. Boma likangolengeza kuti uje walembedwa ntchito, simufunsa n'komwe maphunziro ake. Mumathamangira dzina la bambo ake ndi boma lakwawo, basi chigamulo chatuluka: "Wakwawo ameneyo, akadya naye." Wina akakumba mjigo pamudzi, mukuti akufuna mavoti. Mtsikana akakwezedwa pantchito, zomwe mumalemba sindingazibwereze pano. Khalidweli mwalipatsa dzina loti kuchenjera, koma dzina lake lenileni ndi tsankho.

Liwuli linachokera ku kusankha, monganso chisankho. S wakumayambiriro anasanduka ts, ngati mmene zilili pa masamba ndi tsamba, masiku ndi tsiku. Kusankha pakokha sikolakwa ayi. Mayi akamasankha nyemba palichero amaziyang'ana imodziimodzi, yofumbwa n'kutaya, yabwino n'kusiya. Watsankho sayang'ana, amataya thumba lonse chifukwa wamva kumene lachokera. Musasokonezenso ndi kukondera. Wokondera amakokera wake pafupi, pamene watsankho amakhala ataipitsa kale mtima, moti chabwino chilichonse cha mnzake amachiona ngati chiwembu.

Mukuyesa ndi macheza? Mu 1989 boma la Kamuzu Banda linalamula aphunzitsi kuti abwerere m'zigawo zakwawo, ponena kuti a kumpoto ankaphunzitsa mwaulesi dala ana a m'chigawo chapakati ndi chakumwera. Palibe amene anaimitsidwa pabwalo payekha kuti ayankhe mlandu. Mabanja anamanga katundu, sukulu zambiri zinatsala zopanda aphunzitsi okwanira, ndipo amene anavutika ndi ana omwewo ankati akuwateteza. N'chifukwa chake gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino, amene tinalemba mu 1994, limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi.

Katangale alipo, ndipo olemba ntchito abale awo okhaokha aliponso, zimenezo sitikubisa. Koma ngati mwamugwira wina, bwerani ndi umboni, nkhaniyo mukaitule ku ACB, bungwe lolimbana ndi katangale. Zongolemba kuti "onsewo ndi mbava" zikuthandiza mbava zenizenizo, chifukwa zimabisala pakati pa osalakwa amene mwawapaka matope. Ndipo mwana wa munthu amene mukumunyozayo ali ndi foni, akuwerenga zonse mukulemba za bambo ake.