Chenjezo kwa oponya maukonde m'madzi a paki ku Cape Maclear

Ana inu a ku Chembe, Msaka, Mvunguti ndi madoko ena a kuno ku Mangochi, tcherani khutu ndikuyankhuleni ngati kholo lanu. Khalidwe lozembera alonda usiku n'kukatchera maukonde m'mbali mwa zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo lanyanya. Choipitsitsa n'chakuti m'mawa mumadzitama nazo padoko ngati kuti mwachita chamuna.

Lamuloli si ladzulo. Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park m'chaka cha 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala. Chotetezedwa si mapiri okha ayi, komanso madzi oyambira pagombe la paki ndi la zilumba zake mpaka mamita 100 kulowa m'nyanja. Mamita 100 okha, kutalika kwa bwalo la mpira! Nyanja yonseyi mpaka ku Karonga ili pamaso panu, koma mtima wanu uli pa kachigawo kamene munaletsedwa.

Mwina simudziwa chimene mukuwononga. Mbuna, tinsomba tokongola timene azungu amalipira ndalama kudzationa, timakhala m'miyala momwemo n'kumadya ndere za pamiyalapo. Sitikonda kuwoloka madzi akuya kapena mchenga, n'chifukwa chake chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake, ina yosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Mukaitha pamenepo ndiye kuti yatheratu. Ndipo ukonde uja ukakodwa m'miyala mumangoudula n'kuusiya, iwo n'kumaphabe nsomba miyezi ndi miyezi, nsomba zoti palibe adzadye. Mnyamata woyendetsa alendo paboti ndi mayi wophika ku loji ndi abale anu omwe. Mbuna zikatha, mudzawadyetsa ndinu?

Tsono ndibwere kwa inu okoka masikito. Neti ija munalandira kuchipatala kuti mwana asadwale malungo, inu mwaisokerera kukhoka. Maso a neti imeneyo salola kanthu kudutsa, ngakhale kasawala wongotuluka kumene m'kamwa mwa make. Paja chambo chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, kenako anawo amakulira m'madzi osaya a m'mphepete, momwe inu mukukokamo. N'chifukwa chake makoka amaletsedwa m'miyezi ya November ndi December, nyengo imene chambo chimaswana. Mumabwera ndi beseni la tiana ta chambo tosafika ndi chala chomwe, kuyanika pathandala, kugulitsa ndalama yosakwana ndi mafuta a injini. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika chambo m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ife amene tinakula chambo chili ndiwo wamba sitinadabwe, tinali titaona kale m'mbale.

Pali china chimene ambiri sachiganizira. Akatswiri amene anafufuza za likodzo ku Chembe anaona kuti matendawa anachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa m'madzi a m'mphepete. Nkhonozo ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Ndiye bambo ukamakokolola chilichonse pagombe, dziwa kuti mwana wako amene amasamba pomwepo ndi amene adzakodze magazi.

Odula mitengo m'mapiri a paki kuti muwambire nsomba, nanunso musaone ngati simukukhudzidwa. Mvula ikagwa, dothi lonse limatsikira m'nyanja n'kukwirira miyala ya ndere ija.

Ena mumati paki ndi ya boma, alonda ndiwo adziwa. Alonda ndi angati, ndipo boti lawo lingazungulire zilumba zonse mpaka ku Maleri usiku uliwonse? Pitani mukaone ku chilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko lamulo ndi la mfumu Makanjira ndi anthu ake, ndipo lakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nyengo ya dzinja chilumba chimatsekedwa, asodzi onse amachoka, n'kudzabwerera pa mwambo wotsegulira cha mu April. Mowa ndi juga n'zosaloledwa pachilumbapo. Wophwanya lamulo amapirikitsidwa ndi asodzi anzake, sadikira wapolisi. Anthu a ku Mbenji si angelo, amangodziwa kuti utaka umene akuusiya lero ndi wawo womwe.

Inu a makomiti a m'madoko, amene timati ma BVC, ndi inu mafumu, mawu awa ndi anunso. Ena mwa inu mumadziwa mwini wa khoka lililonse losaloledwa, mumadziwa ndi pamene amalibisa, koma akakupatsirani kamulu ka nsomba pakamwa pamatsekeka. Wolandidwa ukonde amangokhala mlendo kapena wosauka, pomwe mwini maboti atatu akungoyenda mwamatama. Lamulo lokondera chonchi ndani angalilemekeze? Yambani ndi mlamu wanu, ena onse adzaopa okha.

Amayi ogula nsomba padoko, kanani kasawala ngakhale atsitse mtengo chotani. Ndipo amene muli ndi masikito kukhoka, kamasuleni lero. November asanafike tikufuna kuona maukonde osaloledwa ataunjikidwa pabwalo la mfumu, eni ake atabweretsa okha.