Kodi msewu wa Chipembere mwauyesa bwalo la kwanu?

Lachiwiri lapitali pa Ginnery Corner ndinatsala pang'ono kuona maliro ndi maso angawa. Mtsikana wabereka khanda kumbuyo, tizingwe tili m'makutu, maso ali pafoni, wangolowa mumsewu wa Masauko Chipembere ngati akudutsa pakhomo pa agogo ake. Minibasi yochokera ku Limbe inamanga mabuleki, matayala kulira kuti kwiii, fungo la mphira kuti guu. Mukudziwa chimene anachita mwana wamkaziyu? Anatembenuka n'kuyamba kulalatira dalaivala! Kachipewa kofiira ka khandalo kanagwera paphula. Ndinakatola ndine, manja akunjenjemera, mwini wake atapita kale.

Ana inu, kodi mwatani? Foniyo ikukuuzani chiyani chimene sichingadikire mpaka mutawoloka? Kapena mukudalira kuti chipatala cha Gulupu chili pafupi pomwepo, akakutolani msanga?

Ndipo si achinyamata okha ayi, tisanamizane. Bambo wamkulu wa tayi, mizere yowolokera ili apo akuiona, iye akudumpha pakati pa magalimoto chikwama chili m'khwapa. Mayi akukoka ana awiri kudutsa kutsogolo kwa minibasi imene yangoima, osaona chimene chikubwera kuseri kwake. Madzulo ku Ndirande ndi ku Bangwe anthu akuyenda m'mphepete mwa msewu atavala zakuda, magetsi atazima, galimoto ataipatsa nkhongo. Amene anatiphunzitsa kuyenda moyang'anizana ndi magalimoto anali opusa?

Timakonda kunyoza madalaivala ndi makondakitala, ndipo zina n'zoona. Koma amene amaimitsa minibasi pakona ndani? Amene amakuwa kuti "wotsika pompano!" pakati pa raundabauti, kukana kuyenda mapazi makumi awiri kuchokera pa siteji, ndani? Pa Mibawa kondakitala akati "anayianayi," inu mumangofinyikiza matako n'kukhala chete, wina wapachikika pakhomo chitseko chosatseka bwino. Mwalipira ndalama yanu kuti mupakiridwe ngati matumba a makala?

Za kabaza ndiye zimandiwawa mpaka mumtima. M'mawa uliwonse ndimaona ana a yunifomu atatu pa njinga yamoto imodzi, wamng'ono kwambiri atamukhazika pathanki, wopanda chipewa ngakhale mmodzi. Kholo laima pageti likubayibitsa, likumwetulira. Mwana amene munamudikira miyezi 9, mukumupereka kwa mnyamata amene simunamufunse n'komwe ngati ali ndi laisensi? Mutu wa mwana ndi dzira. Phula silidziwa kuti uyu ndi wa sitandade 1.

Tatopa kusonkha za bokosi pa imfa zoti munthu akanangoima kaye n'kuyang'ana uku ndi uku. Tatopa kumva "chinali chifuniro cha Mulungu" pamene tonse tinaona chimene chinachitika.

Iwe wa pa Ginnery Corner, kachipewa kaja ndili nako. Chotsa zinthuzo m'makutu.