Dunluce, Mandala ndi Chilenje: Kodi Timasunga Nyumba za Ayani?

Ku Kimberley, tauni ya ku South Africa yomwe inakula chifukwa cha dayamondi, kuli nyumba yotchedwa Dunluce. Inamangidwa mu 1897, anthu akukumbabe dzenje lalikulu lija la Big Hole, lomwe analiyamba mu 1871 n'kulisiya mu 1914. Pambuyo pake anaigula John Orr, mwini masitolo wotchuka, ndipo lero ili m'manja mwa McGregor Museum, bungwe losunga zinthu zakale. Mipando, makama, mbale za banjalo, zonse zili m'malo mwake ngati eni ake angotuluka pang'ono. Apa anzathuwa ndimawagomera. Chinthu akati asunge, amasungadi.

Kwathu ku Malawi njira ndi ina. Mandala House ku Blantyre ndi yakale kuposa Dunluce, ya mu 1882, yomangidwa ndi kampani ya African Lakes, yomwe inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi amene John ankavala. Koma nyumbayi sinagonekedwe. Anthu amamwa khofi pakhonde, ena amaona zojambula, ena amakwera m'mwamba kukawerenga mabuku akale a Society of Malawi. Ine izi zimandisangalatsa koposa, chifukwa nyumba yopanda mapazi a anthu imazizira, ngakhale ipakidwe utoto chaka ndi chaka.

Komabe ziwirizi zikufanana pamodzi: ndi nyumba za mabwana. Ndipo pamenepa ndi pomwe a ku Zambia atiposa tonse. Ku Lusaka anasunga kanyumba nambala 394 ku Chilenje, momwe Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Kanyumba wamba ka m'komboni, Land Rover yake ili panja. Inde anadzakhala pulezidenti, koma mwana akalowamo amaona mmene munthu wakuda ankakhalira m'tauni nthawi ya atsamunda.

Zimenezi n'zimene ndimazifuna ndikamaganiza za Kimberley. Chuma chomwe chinamanga Dunluce chinatuluka m'manja mwa anthu akuda, amene kuyambira m'ma 1880 ankatsekeredwa m'makomboni a mpanda mpaka kontilakiti ithe, akusechedwa thupi lonse kuopa kuti abisa mwala. Kachitidwe ka makomboni otero kanafalikira ku migodi ya golide ya ku Joni, komwe agogo athu ambiri anapita kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi. Anabwerako ndi njinga, sutikesi yachitsulo, ena ndi chifuwa chosatha. Bedi la John Orr tikhoza kuliona lero. Ndikufuna mdzukulu wa mtchona adzaonenso pomwe agogo ake ankagona.