Chenjezo kwa inu omanga pa njira ya madzi ndi ojomba misonkhano ya m'dera

Ana anga a kuno ku Mangochi, ndiloleni ndikudzudzuleni ngati kholo, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ine tauni ino ndinaidziwa galimoto zikudikirana pa mlatho wakale wopapatiza uja, uwu wa Bakili Muluzi kusanabwere. Malo ambiri amene lero mwadzaza nyumba anali madambo ndi minda. Sindikudana ndi kukula kwa tauni ayi. Chondiwawa ndi kamangidwe kanu kosasamala, komanso khalidwe lothawa pamene nkhani za dera lanu zikukambidwa.

Sabata yatha m'dera lathu munaitanidwa msonkhano wokambirana za msewu wolowera kuno ndi ngalande zake, mvula isanayambe. Uthenga unalengezedwa ku mzikiti, ku tchalitchi ndi pa WhatsApp pomwe. Amene tinabwera sitinadzaze mabenchi awiri, ndipo ambiri tinali a imvi. Mnyamata wina anangosuzumira n'kufunsa kuti, "Pali kangachepe?" Atamva kuti palibe, anakwera njinga yake n'kumapita. Mwana wanga, msewu umene timakambawo ndi womwewo umene umapalasapo kabaza tsiku ndi tsiku. Ukufuna wina akulipire kuti ukambe za pakhomo pako?

Ndikukumbutseni pamene tikukhala. Tauni ino, imene azungu anaitcha Fort Johnston, yakhala pa chigwa m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja ziwiri, ya Malawi kumtunda ndi ya Malombe kumunsi. Malo ake ndi athyathyathya, madzi sathamanga, amangondikha mpaka atapeza potulukira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'tauni muno muli anthu oposa 50,000, ndipo boma lonse la Mangochi linadutsa miliyoni imodzi. Anthu ochuluka chotere sangamange aliyense mmene wafunira pa malo otere popanda wina kulira.

Koma taonani zimene mukuchita. Munthu agula puloti madzulo, pansi pa mtengo, mboni zake anzake awiri ndi kapepala kong'amba m'kope. Safunsa ku khonsolo ngati malowo ali pa mapu a nyumba, a msewu kapena a ngalande. M'mawa mwake waumba njerwa. Mabikoni amene anaikidwa amawazula usiku n'kuwasunthira kunjira, akuti awonjezere chipinda cha lendi. Mnzake ataona kuti sanamufunse kanthu, nayenso asuntha mpanda wake. Pomatha chaka, msewu umene munkadutsa lole wasanduka kanjira koti anthu awiri sangapambane.

Chaka chatha tinanyamula mayi wina wodwala pa mphasa kuchokera m'nyumba mwake kukafika ku msewu waukulu, usiku, chifukwa galimoto inakanika kulowa. Mpanda umene unatseka njirayo ndi wa mbale wake yemwe. Ndinaona nkhope yake usiku umenewo, anali atagwira ngodya ina ya mphasa, osatha kuyang'ana munthu m'maso. Mpandawo udakalipo mpaka lero. Nanga tsiku limene moto udzabuke pakati pa nyumba zothithikana zija, galimoto yozimitsa moto idzalowera kuti?

Za madzi ndiye ndilankhule mosabisa. Makolo anati madzi saiwala khwawa. Ife akale tinaona nyanja ikukwera kwambiri cha m'ma 1980, ndipo tinkakuuzani kuti apa ndi apo madzi anafikapo. Munkati nkhalamba zikulota. Mu 2024 nyanja inakweranso, ndipo inu nomwe munaona nyumba ndi malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja atalowa madzi, anthu akusamutsa katundu pa bwato. Ena anayamba kuloza zala ku baraji ya ku Liwonde, pamene amatsekera ndi kutsekulira madzi a mu Shire. Kambani za baraji ngati mukufuna, koma yankhaninso funso ili: anakutumani ndani kukathira maziko pamene bango limamera? Bango likamera pamalo, likukuuzani kuti mwini malowo ndi madzi.

Ndiye pali ngalande. Mwazisandutsa dzala. Majumbo, mabotolo, matewera a ana, mamba a nsomba, zonse mukutaya mmenemo, ena mpaka kuthiramo dothi kuti apeze poika benchi la malonda. Mvula ikagwa madzi amabwerera m'makomo, amadzaza zimbudzi zokumba, ndipo zonyansazo zimakalowa m'zitsime zimene mwakumba pafupi ndi zimbudzi zomwezo. Mwaiwala kale kolera ya 2022 ndi 2023? Inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali pakati pa maboma amene anavutika koposa. Tinaika maliro mothamanga, opanda kusambitsa, opanda kugona pa siwa. Amene munataya ana anu nthawi imeneyo, mtima wanga uli nanu, ndipo n'chifukwa chake sindingakhale chete ndikaona munthu akukhuthula zinyalala mu ngalande dzuwa likuswa mtengo.

Mwina mukuti za mapulani n'za anthu ophunzira a m'maofesi. Ayi ndithu. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabwera kuti mphamvu zitsikire kwa anthu, ndipo khansala amene munamuvotera ntchito yake n'kutenga mawu anu kupita nawo ku khonsolo. Lamulo la kamangidwe la 2016 limafuna kuti womanga m'tauni ayambe wapeza chilolezo. Wojambula mapu amadziwa kuyeza, koma sadziwa kuti madzi a mvula amakhota pati kuseri kwa chigayo. Amene amadziwa ndi mayi amene amadutsapo ndi ndowa pamutu, msodzi amene amakocheza bwato pa doko, ndi wakabaza amene amagwa m'matope pamenepo chaka ndi chaka. Inu mukakhala kunyumba, mapu amajambulidwabe, koma popanda nzeru zanuzo. Kenaka nyumba yanu ikalembedwa chizindikiro chofiira kuti igwetsedwe, mumayamba kuthamanga uku ndi uku, kulira kuti sanakuuzeni.

Inunso amayi, musamakhale kumbuyo n'kumangovomera. Ngati malo a mpopi, msika kapena bwalo losewerera ana akugulitsidwa mwachinsinsi, ndinu oyamba kudziwa. Nenani pa msonkhano, osati pa chitsime pokha. Ndipo inu akuluakulu anzanga amene mumagawa malo, opani Mulungu. Malo a manda, a msewu ndi a m'mbali mwa mtsinje si anu oti mugulitse, ngakhale wogulayo atabwera ndi ndalama zochuluka bwanji.

Msonkhano uja tinaulepheretsa chifukwa cha kuchepa kwa anthu, ndipo tagwirizana kuti tikumanenso Loweruka likudzali m'mawa, pabwalo lomwe lija. Aliyense abwere ndi mapepala a puloti yake, kaya ndi kapepala ka m'kope komwe kaja. Tikatha kukambirana tidzayenda limodzi kutsata ngalande kuyambira ku msewu waukulu mpaka kumtsinje, kuti aliyense aone ndi maso ake pamene yatsekedwa ndi chimene chaitseka. Achinyamata mutenge makasu ndi mafosholo.