Vuto si kuchuluka kwa chitsulo m'mwala

N'kulakwitsa kunena kuti mwala wotchedwa magnetite umakakamira ku maginito chifukwa uli ndi chitsulo chambiri kuposa mwala wina wachitsulo wotchedwa hematite. Magnetite, Fe3O4, ali ndi chitsulo 72 peresenti, hematite, Fe2O3, ali ndi 70. Kusiyanaku n'kochepa kwambiri.

Gwero la kukakamiraku ndi mmene ma spin akhalira, kutanthauza timaginito ting'onoting'ono ta m'maatomu tomwe timaloza mbali ina yake. Maatomu a chitsulo sagundana, amamvana kudzera pa okosijeni wapakati pawo, ndipo iyeyu amakakamiza ma spin oyandikana kuti aloze mosemphana. Mu hematite mbali ziwirizo zimangotsala pang'ono kufafanizana. Mu magnetite muli mitundu iwiri ya maatomu a chitsulo: ma Fe3+ amafafanizana okhaokha koma ma Fe2+ amatsala, n'chifukwa chake magnetite amakakamira ku maginito mpaka atatentha kupyola madigiri 580 Celsius.

Zimavuta kwenikweni ma spin akakhala atatuatatu ngati mafuwa. Woyamba aloze kumwamba, wachiwiri pansi, nanga wachitatu asemphane ndi uti? Mu mwala wa herbertsmithite, momwe maatomu a kopa akhala chotero, ma spin sakhazikika ngakhale mutauziziritsa kufika 0.05 K, pafupi kwambiri ndi malire a kuzizira konse.

Aphunzitsi a sayansi kuno ku Lilongwe, yesani izi m'kalasi: tapani dothi la katondo, lomwe lili ndi hematite, ndi mchenga wakuda wa kunyanja ku Salima, womwe uli ndi magnetite, muziyanike ziume gwa, chifukwa zonyowa zimamatana n'kukunamizani. Maginito oyesera nawo muwakulunge m'pepala la pulasitiki, apo ayi tinjere sitichokanso. Gwiritsani ntchito maginito akuda a m'sipika yakale. A neodymium ndi amphamvu mopitirira, amanyamula ndi ilmenite yemwe, mwala wina wakuda wa mumchengamo, ana n'kumaganiza kuti zonsezo ndi magnetite.